Kukonza Chipala cha Mipeni Pakhomo: Ntchito Iziyenda, Fumbi Lizituluka

Mukaweruka madzulo ano, musanasambe, tengani kansalu koyera muminepo. Ngati zotulukazo zili zakuda ngati mwaye, kabuku kano n'kanu. Zakudazo ndi chitsulo cha mipeni imene mwapala lero, chosakanikirana ndi nyenyeswa za disiki ya grinder ndi phulusa la makala. Zimene mukuziona pansaluzo ndi zokhazo zimene mphuno yakwanitsa kugwira. Zina zadutsa, zili m'mapapo.

Talembera amisiri amene amasula mipeni, zikwanje, zikwakwa ndi nkhwangwa pakhomo, kaya ndi kuseri kwa nyumba ku Ndirande kapena ku Mchesi, kaya ndi m'kashedi ka pamsika wa kumudzi. Talemberanso amayi a pakhomopo, chifukwa fumbi likatuluka m'chipala limakatera pa ufa umene ayanika. Sitikuuzani kuti mugule makina odula. Zambiri zimene zili muno n'zongofuna kusuntha zinthu zimene muli nazo kale: ichi chipite uko, icho chibwere kuno.

Tsatirani mpeni umodzi

Mawa musasunthe kanthu. Tengani chidutswa cha sipulingi ya galimoto monga mwa masiku onse, ndipo wophunzira ntchito akhale pambali aziwerenga kuti mwayenda kangati kuchoka pano kupita apo mpaka mpeniwo kutha. Ngati pansi n'padothi, wowerenga safunika. Tinjira timene mapazi anu apanga tikuuzani tokha.

Ndinakhalapo tsiku lathunthu m'chipala cha bambo ena mumzinda wa Blantyre, katswiri weniweni, amene mipeni yawo amayi ogulitsa nsomba amachita kulimbirana. Ng'anjo yawo inali pakona, chitsulo chosulirapo chili pakhomo poti ankafuna kumaona odutsa, ndipo pakati pake panali benchi. Akatulutsa chitsulo pamoto chili psuu, ankazungulira benchi, n'kulambalala ndowa, pofika posulira nsonga itayamba kale kuda. Amenye kangapo, abwererenso kumoto. Nditawafunsa anati, "Achimwene, makala a masiku ano ndi opanda mphamvu." Makalawo analibe mlandu. Kuzungulira kuja ndiko kunkawathera thumba.

Mpeni uli ndi ulendo wake. Umayamba uli chitsulo pamulu, n'kudulidwa, n'kulowa pamoto, n'kusulidwa, n'kupalidwa, n'kulimbitsidwa m'mafuta, n'kupalidwanso pang'ono, kenako ulandire chigwiriro, unoledwe, upite kumsika. Malo anu atsate ulendo umenewu, kuti chitsulo chikalowa mbali ino chizingopita kutsogolo mpaka chikatuluke mbali inayo chili mpeni. Pali malo amodzi okha pamene ulendowu umabwerera m'mbuyo: mpeni ukapalidwa koyamba umabwerera kumoto kukalimbitsidwa. N'chifukwa chake ng'anjo ndi popalira ziyenera kuyandikana, koma pakati pake pakhale chotchinga.

Choncho gawani chipala patatu: mbali ya moto, mbali ya fumbi, ndi mbali yaukhondo. Shedi ya mamita 3 m'lifupi ndi mamita 4 m'litali ndi yokwanira munthu mmodzi ndi womuthandiza. Moto ukhale kumapeto kwina, benchi yaukhondo kumapeto kwinako, ndipo grinder ituluke panja, pakakhonde kofolera ndi malata koma kosamangira zipupa. Sipulingi, mafelemu ndi zitsulo zina zodikira ntchito zikhale pafupi ndi podulira, zoimika kapena zogoneka pa timitengo kuti zisamadye dzimbiri pansi. Mulu wa zitsulo pakati pa njira ndiwo umagwetsa munthu atanyamula chitsulo chamoto.

Mbali ya moto

Imani pamene mumaima posula. Ng'anjo, chitsulo chosulirapo ndi chitini cha mafuta zikuzungulireni ngati mafuwa, chilichonse chofikirika mutangotembenuka kapena mutaponda phazi limodzi. Mpeni ndi wopyapyala, umazizira msanga kuposa nkhwangwa, ndipo pouviika m'mafuta mpamene kuchedwa kumapweteka kwambiri: ukazizirira m'njira sulimba, ndipo wogula adzabwera nawo mawa utapindika kukamwa. Amene mumagwira nyundo ndi dzanja lamanja mumagwira mbaniro ndi lamanzere, ndiye ikani ng'anjo poti dzanja la mbanirolo lizitenga chitsulo n'kuchiika posulira popanda kupingasa thupi. Amanzere mutembenuze. Nyundo ndi mbaniro zikoleke pa misomali yokhomedwa pachitsa chomwecho, osati pansi.

Kutalika kwa posulira kuyeseni ndi thupi lanu. Imani chilili, manja ali m'mbali, mufumbate nkhonya. Pamene pafika mfundo za zala mpamene payenera kufika pamwamba pa chitsulo chosulirapo. Kukafupika msana umalira, kukatalika phewa limalira ndipo nyundo imamenya chammbali. Chitsa chokhalira chitsulocho chikwirireni pansi ndithu kuti chisamagwedere, chifukwa chogwedera chimameza mphamvu ya nyundo. Ambiri timasulira pa chidutswa cha njanji kapena chitsulo cholemera cha lole. Gulani kwa ogulitsa zitsulo zakale odziwika. Chitsulo chozulidwa panjanji kapena pa nsanja za magetsi chimabweretsa apolisi pakhomo.

Ng'anjo imafuna mthunzi. Padzuwa chitsulo chimaoneka chakuda pamene chili kale chofiira, ndiye mumachipsereza osadziwa. Ikani lata kapena kakhoma kumbali yochokera dzuwa kuti muziona mtundu weniweni. Pafupi pomwepo kolekani maginito pa waya, ngakhale yochotsa ku sipika yakale ya wailesi. Chitsulo chikatentha kufika madigiri 770 chimasiya kukoka maginito, ndipo sipulingi imafuna kupitirira pamenepo pang'ono, cha m'ma 800 mpaka 830, isanaviikidwe. Maginito ikhale pofikira dzanja, osati pakhoma lakutali.

Mafuta oviikira akhale m'chitini chachitsulo chachitali, chokhala ndi chivundikiro chachitsulo chimene chili pompo nthawi zonse. Chigubu chapulasitiki ayi: nsonga yamoto ikachigunda chimabowoka, mafuta oyaka n'kuyenderera kumapazi. Mafuta akayaka, vundikirani. Musathire madzi, chifukwa moto umalumpha n'kukupezani kumaso. Ndowa ya mchenga wouma ikhale pambali. Tikudziwa kuti oyilo wakutha wa galimoto amapezeka ulere kugalaja, koma utsi wake ndi woipa m'chifuwa. Mafuta ophikira otsika mtengo, otenthetsako pang'ono kuti angofunda, amalimbitsa sipulingi bwino ndipo chitini chimodzi chimakhala miyezi.

Za utsi wa makala aliyense wamvapo maliro a banja limene linagona ndi mbaula m'nyumba yotseka m'mwezi wa June. Mpweya umene umapha sununkha ndipo suoneka. Ng'anjo yopemerera ndi mvukuto kapena ndi gudumu la njinga imatulutsa mpweya womwewo. Siyani mpata pakati pa khoma ndi denga kuzungulira mbali yonse ya moto, ndipo khomo likhale lotsegula ngakhale kukuzizira bwanji. Mutu ukayamba kuwawa kapena chizungulire chikakugwirani, tulukani kaye panja, musalimbe mtima. Komanso musaike pamoto mapaipi a madzi onyezimira kapena malata, chifukwa amakutidwa ndi zinki, ndipo utsi wake woyera umadwalitsa ngati malungo: usiku thupi kutentha, kunjenjemera, mafupa kuphwanya, koma kuchipatala akayeza malungo osapezeka.

Fumbi

Apa tikhalitsapo, chifukwa moto aliyense amauopa koma fumbi ambiri amangolipukuta kumaso n'kupitiriza.

Makolo athu amene ankasungunula chitsulo m'ng'anjo za ku Kasungu ndi kumapiri a Aphoka ankamalizitsa mpeni ndi nyundo, n'kunolera pamwala wothira madzi. Fumbi linali lochepa. Grinder yasintha zinthu. Ntchito ya tsiku lonse ndi tupa imatha m'mphindi zochepa, koma walira mvula walira matope. Grinder yaing'ono ya disiki ya mamilimita 115 imazungulira pafupifupi ka 11,000 pa mphindi imodzi, ndipo chilichonse chimene yachotsa pachitsulo, pamodzi ndi disiki yomwe imene mumaiona ikuchepa tsiku ndi tsiku, chimasanduka fumbi. Lokhuthala limagwa pompo. Losalala kwambiri, laling'ono kangapo kuposa kunenepa kwa tsitsi limodzi, limayandama mumpweya kwa maola ndipo ndilo limafika pansi penipeni pa mapapo. Mukafuna kuliona, zimitsani grinder masana, mudikire kanthawi, kenako yang'anani kuwala kwa dzuwa kolowera pa bowo la msomali kudenga. Mudzaona tinthu tikuvina m'kuwalako pamene inu mumayesa kuti mpweya wayera kale.

Amisiri anzathu a ku Sheffield ku England, mzinda wotchuka ndi mipeni, anaphunzira izi ndi maliro. M'zaka za m'ma 1800 madokotala a kumeneko anaona kuti opala mafoloko pamwala wouma ankamwalira ali ndi zaka pafupifupi 30, pamene opala mipeni pamwala wonyowa ankafikako zaka 40 mpaka 50. Mwala unali umodzimodzi, kusiyana kunali madzi. Kwathu kuno sitifunika kupita kutali. Mabanja ambiri ali ndi agogo amene anapita ku Joni pa Wenela kapena pa TEBA n'kubwerako ndi wailesi, jekete ndi chifuwa chosatha. Matendawa amatchedwa silicosis, amayamba ndi fumbi la miyala, alibe mankhwala ochiza, ndipo amatsegulira njira chifuwa chachikulu cha TB. Mu 2018 makampani a migodi ya golide ku South Africa anavomera kupereka ndalama zokwana 5 biliyoni randi kwa odwala ndi mabanja awo, khoti n'kuvomereza mu 2019, ndipo bungwe la Tshiamiso Trust ndilo likugawa. Ndalamazo sizinabweze mapapo a munthu aliyense.

Tinene zoona: fumbi la m'chipala si lofanana ndendende ndi la mumgodi. Madisiki ogula m'sitolo sapangidwa ndi mwala wa mchenga ngati wa ku Sheffield, ndipo fumbi la chitsulo palokha silipha msanga ngati la miyala. Komabe limadzaza m'mapapo, limayambitsa chifuwa ndi befu zimene zimakula ndi zaka. Ndipo mukapala pagudumu la mwala wachilengedwe louma, kapena mukabwereka grinder yomweyo kudulira njerwa, matailosi kapena konkire, ndiye kuti mwapuma fumbi lomwe lija la ku Joni.

Pothana ndi fumbili, choyamba ndi mphepo, ndipo ndi yaulere. M'madera ambiri a dziko lino, kuyambira May mpaka August kumaomba mwera kuchokera kummwera chakum'mawa, pamene nthawi ya dzinja mphepo imakonda kuchokera kumpoto. Koma pakhomo panu nyumba, mipanda ndi mitengo zimaikhotetsa, ndiye yesani nokha. Mangani kansalu pamtengo pamene mukufuna kuika grinder, mukayang'ane m'mawa, masana ndi madzulo kwa sabata imodzi. Popala, mphepo izikuombani kuchokera kumbali, chakumbuyo pang'ono, n'kutenga fumbi kupita nalo kutali ndi nkhope yanu. Ikamaomba kumaso imakubwezerani zonse. Ikamaomba kumsana kwenikweni, mpweya umazungulira kutsogolo kwa chifuwa chanu n'kukweza fumbi kumphuno. Ndipo onani kumene likupita. Kumeneko kusakhale khitchini, thandala la mbale, chitsime, chingwe choyanikira zovala, khola la nkhuku kapena zenera la aneba. Mayi wina anandionetsa malaya oyera a yunifolomu ya mwana wake atachita timadontho tofiira paliponse. Ankayesa sopo. Linali fumbi la chitsulo limene linatera pansalu yonyowa n'kuchita dzimbiri.

Chachiwiri ndi madzi. Pansi pa malo pamene moto wothetheka umagwera ikani beseni kapena ndowa yachitsulo ya madzi, pafupi kwambiri ndi popalira mmene mungathere. Thiranimo kasopo pang'ono kuti fumbi lizimira m'malo moyandama pamwamba. Tembenuzani chotchinga cha grinder kuti motowo uzilunjika pansi m'madzimo, osati m'mwamba kapena pamimba panu. Kumbuyo kwa ndowa imikani lata lakale lopindika ngati theka la mgolo kuti lizigwira zimene zaphonya. Pakutha pa sabata mudzapeza matope akuda bii pansi pa ndowayo. Akwirireni kutali ndi dimba ndi chitsime, ndipo powayang'ana kumbukirani kuti akanakhala m'chifuwa. Ndowa yomweyo ndi yoviikamo mpeni ukatentha popala. Mpeni wolimbitsidwa kale ukasintha mtundu kukamwa n'kukhala wobiriwira ngati bululu, wafewa, ntchito ya pamoto ija yapita pachabe.

Chachitatu ndi kuchepetsa zopala. Mmisiri amene amasula mpeni mpaka kufika pafupi ndi maonekedwe ake enieni amapala pang'ono, amagula madisiki ochepa, amapuma fumbi lochepa. Musanapale, viikani mpeni wosulidwa mu viniga usiku wonse kuti makoko akuda a pamoto afewe, chifukwa makokowo ndi olimba, amadya disiki ndi tupa. Pomalizitsa gwiritsani tupa ndi sandipepa yonyowetsa. Tupa imatulutsa nyenyeswa zolemera zimene zimagwa pansi osauluka.

Ngati popalira pali m'kati ndipo simungathe kutulutsa panja, bowolani khoma kutsogolo kwa grinder muikepo fani yokokera mpweya kunja, ndipo kumbali ina kukhale zenera lolowetsa mpweya watsopano. Fani yongoima pakati pa chipinda chotseka imangovundula fumbi. Pakati pa popalira ndi mbali zina ikani lata kapena kakhoma ka njerwa. Chiguduli, katoni ndi pulasitiki zimagwira moto.

Posesa, wazani madzi kaye monga amachitira amayi pabwalo m'chilimwe. Tsache louma limabwezera m'mwamba fumbi lonse limene linatera usiku. Musapemerere benchi ndi pakamwa kapena ndi pampu, pukutani ndi kansalu konyowa. Nyenyeswa za chitsulo tolani ndi maginito yoika m'jumbo: ikadzaza, tembenuzani jumboyo, maginito ituluke yoyera. Pansi padothi pamafumbuka pokhapokha, ndiye tsirani bwino kapena ikani njerwa, muziwaza madzi m'mawa uliwonse. Sesani madzulo poweruka, osati m'mawa, kuti chimene chauluka chitere inu mulibe.

Masiki tayiika kumapeto dala. Ambiri amayambira pa masiki n'kuthera pomwepo, pamene iyo ndi yongogwira zimene mphepo ndi madzi zalephera. Kansalu komanga kumaso ndi masiki zansalu zimene tinazolowera nthawi ya Covid-19 sizigwira fumbi losalala lija. Funsani m'sitolo za hadiweya masiki yolembedwa FFP2, FFP3 kapena N95, ndipo mukakhala ndi ndalama gulani ya labala yokhala ndi zosefera zosintha zolembedwa P3 kapena P100. Iyenera kumata kumaso. Phimbani ndi manja n'kupuma: mpweya ukamatulukira m'mbali mwa mphuno, sinagwire. Ndevu zimaiimika, ndiye ametani. Mukavula, isungeni m'chitini chotseka kapena m'jumbo. Masiki yokoleka pamsomali pafupi ndi grinder imadzaza fumbi m'kati, mawa n'kulipuma lonse kamodzi. Ikada kapena ikayamba kubanikitsa, yatha ntchito.

Maso ndi makutu musaiwale. Magalasi oteteza akoleke pa grinder pomwepo, kuti dzanja lisafike pa switchi lisanakhudze magalasi. Chotchinga cha grinder chisachotsedwe ngakhale chikuoneka ngati chikusokoneza. Disiki yong'aluka kapena yonyowa tayani, ndipo yodulira isagwire ntchito yopalira chammbali chifukwa ndi yopyapyala, imasweka. Pa kachitsulo ka pakati pa disiki pamalembedwa chaka chimene imathera mphamvu, yang'anani musanagule. Phokoso la grinder limapitirira muyezo wa 85 dB umene makutu amapirira tsiku lonse. Mukaweruka makutu akulira ngati nyenje, ayamba kuonongeka, ndipo sabwerera. Timapulagi ta m'makutu n'totsika mtengo kuposa disiki imodzi.

Zigwiriro zikhale ndi malo akeake

Utuchi ndi moto wothetheka zisakumane. Moto wa grinder umatha kuuluka mamita 10, ndipo ukagwera mu utuchi suyaka pompo. Umanyeka pang'onopang'ono, n'kudzabuka usiku anthu atagona. Choncho posemera ndi kupala zigwiriro pakhale kuseri kwa chotchinga, ndipo utuchi uzichotsedwa tsiku lomwelo. Ngati malo ndi amodzi, gawani masiku: lero zitsulo, sesani, mawa mitengo. Mukamaliza kupala zitsulo khalani pamalopo theka la ola mukulongedza, mukununkhiza ngati pali chonyeka. Fumbi la aluminiyamu nalonso lisasakanikirane ndi la chitsulo, chifukwa ziwirizi zikagwira moto pamodzi zimayaka koopsa.

Fumbi la mitengo ena amaliyesa labwino poti limanunkhira. Bungwe la IARC, lofufuza za khansa pansi pa WHO, linaliika m'gulu la zoyambitsa khansa mu 1995, makamaka ya m'mphuno, ndipo mitengo yolimba ndiyo yoopsa kwambiri. Mlombwa, mbawa, muwanga ndi phingo, zimene timakonda chifukwa cha kukongola, zili m'gulu la mitengo yolimbayo. Phingo amayambitsanso zidzolo ndi kuyetsemula kwa anthu ena. Semani ndi mpeni, kasemasema ndi tupa ya mitengo mmene mungathere, makina abwere pomaliza. Nyanga, fupa ndi pulasitiki palani panja, mutavala masiki. Matabwa a mitengo ya magetsi kapena ena onyikidwa m'mankhwala a chiswe asakhale chigwiriro cha mpeni wodulira ndiwo, ndiponso asalowe pamoto.

Benchi yaukhondo

Apa mpamene mumajambula, kubowola, kumata guluu, kunola ndi kukulunga katundu. Paikeni pafupi ndi zenera, kutali ndi grinder, kumbali yochokera mphepo. Mchenga umodzi wa disiki ukatera pa sandipepa yosalala umakanda mpeni umene mwaupukuta ola lathunthu, ndipo guluu sagwira pamalo afumbi. Sandipepa, guluu ndi miyala yonolera zikhale m'kabati kapena m'chitini chotseka.

Vayisi ikhale poti pakamwa pake pafike pa chigongono chanu mutaima. Benchi ikhomereni kukhoma kapena miyendo yake ikwiriridwe. Zida zimene mumagwira tsiku lililonse zikoleke pathabwa kutsogolo kwanu, ndipo jambulani chithunzi cha chida chilichonse ndi choko kapena penti pamalo pake. Madzulo kungoyang'ana kamodzi mwadziwa kuti tupa yapita ndi mnansi. Matupa asagundane m'bokosi, amabunthitsana. Mpeni musausiye pa vayisi nsonga italoza kunjira, ngakhale mukungopita kukamwa madzi. Yomaliza ipakeni mafuta, ikulungeni, itsekereni m'bokosi la loko. Nsanza zopakira mafuta a linseed pa zigwiriro zimatha kuyaka zokha zikaunjikana, ndiye ziyanikeni zotambasula panja kapena ziviikeni m'madzi.

Magetsi

Magetsi a ESCOM ndi a mavoti 230, ndipo tanena kuti pansi pa grinder pakhale madzi. Choncho waya adutse m'mwamba, atsikire pa grinder kuchokera kudenga, osati kukwawa pansi pamene pali ndowa, zitsulo zakuthwa ndi zamoto. Waya wolumikiza ndi jumbo kapena wolowetsa m'soketi ndi timitengo ta machesi achoke. Itanani wodziwa zamagetsi akuikireni soketi yokhala ndi waya wa earth ndi chozimitsa chokha cha 30 mA. Magetsi akazima muli pakati pa ntchito, zimitsani grinder n'kuzula pulagi nthawi yomweyo, chifukwa akabwera idzadzuka yokha pabenchi. Poti magetsi amazimazima, unjikani mipeni yofuna kupala kuti muipale pamodzi akayaka, ndipo ntchito ya moto, tupa ndi zigwiriro ikhale ya nthawi imene azima. Kupala kamodzi mipeni khumi kumatanthauzanso kuvala masiki kamodzi ndi kusesa kamodzi. Jenereta ikhale panja nthawi zonse, utsi wake ndi wofanana ndi wa makala uja.

Kwa a pakhomo

Amayi, muli ndi ufulu wonena kuti lero grinder idikire chifukwa mwayanika mphale kapena ufa. Gwirizanani masiku. Madzi akumwa ndi chakudya zisalowe m'chipala, ndipo bambo asambe m'manja ndi kumaso asanakhale pa nsima.

Fumbi limalowa m'nyumba pa zovala. Ovololo ivulidwe kuchipala komweko, ikolekedwe komweko, ichapidwe payokha. Musaikung'unthe, iviikeni m'madzi. Bambo asanyamule khanda asanasinthe. Zovala za ntchito zikhale za thonje kapena jinzi yokhuthala, chifukwa majezi a mpira ndi zina za nayiloni za pakaunjika zimasungunuka n'kumatirira pakhungu. Kumapazi nsapato zotseka, osati patapata.

Ana amakonda kuonerera moto wothetheka, ndipo msinkhu wawo umaika maso awo pamene motowo umadutsa. Lembani mzere pansi kapena ikani kampanda, ndipo aliyense adziwe kuti grinder ikamalira mwana sadutsa pamenepo. Makasitomala nawo akhale ndi benchi yawo panja, kumbali yochokera mphepo. Amene mwalemba wantchito kapena mwatenga wophunzira, dziwani kuti lamulo la Occupational Safety, Health and Welfare Act la 1997 limaika udindo woteteza wantchito pa womulemba, ndiye masiki ndi magalasi mugule ziwiriziwiri.

Munthu akapsa, thirani madzi ozizira oyera kwa mphindi 20. Mankhwala otsukira mano, dzira, mafuta ndi dothi ayi. Kachitsulo kakalowa m'diso, tsukani ndi madzi oyera ambiri. Kakakana kutuluka, musatokose ndi kamtengo ka machesi kapena ngodya ya nsalu. Phimbani diso mupite kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa chitsulo chimayamba dzimbiri m'diso pasanathe tsiku. Mukadzicheka kwambiri, funsani za katemera wa kafumbata.

Ndipo chifuwa chikapitirira masabata awiri, kapena mukamatuluka thukuta usiku, kuonda, kapena kuchita befu pokwera kamtunda kamene kale munkakwera mukuyankhula, musangogula mapiritsi pagolosale. Pitani kuchipatala cha boma, kuyeza ndi mankhwala a TB n'zaulere. Mukakafika auzeni adokotala ntchito imene mumagwira ndi zaka zimene mwakhala mukupala zitsulo, ngakhale asanakufunseni.